Kusankha Pulogalamu Yozindikira Zilembo ya Owerenga Osaona: Chinyanja ku Chifunda

1.0 Mawu oyamba

Pa zaka zapitazi aphunzitsi a zilankhulo akhala akufunsidwa funso limene kale linkaoneka ngati la amisiri a makompyuta okha: kodi munthu wosaona amene akufuna kuwerenga buku losindikizidwa m'Chinyanja agwiritse ntchito pulogalamu iti? Mapulogalamu alipo ambiri, ena aulere, ena ogula, ndipo eni ake onse amati awowo salakwitsa. Cholinga cha pepala lino si kutchula pulogalamu imodzi yoposa zinzake zonse. Tikufuna kusonyeza kuti muyeso umene opanga amatsatsira malonda awo, ndiwo kuchuluka kwa zilembo zimene pulogalamu yazindikira molondola, ndi wosakwanira pa chilankhulo chathu. Kwa munthu wowerenga ndi khutu, chofunika kuposa chiwerengero cha zolakwa ndi mtundu wake. Tinena kuti pulogalamu imene imalakwa momveka ndi yodalirika kuposa imene imalakwa mosalala.

Kuti nkhaniyi isayandame, taiika pa malo amodzi. Chifunda ndi dera la mfumu ya Asenga m'boma la Chama, m'chigwa cha Luangwa, moyang'anizana ndi nkhalango yosungirako nyama ya North Luangwa. Boma la Chama linachotsedwa m'chigawo cha Kum'mawa mu 2011 kupita ku Muchinga, ndipo linabwezedwa mu 2021. Anthu a kumeneko amalankhula Chisenga, chimene chili pa ubale ndi Chitumbuka, koma chilankhulo cha m'Zambia chimene ana amakumana nacho m'mabuku a sukulu ndi Chinyanja. Misewu ya m'chigwachi imavuta m'dzinja, ndipo intaneti si chinthu choti munthu n'kuchidalira tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze mphunzitsi wosaona amene watumizidwa ku sukulu ya kumeneko, ali ndi foni ndiponso kompyuta ya m'manja, ndipo mawa ayenera kuphunzitsa ndime ya m'buku limene silinalembedwepo m'zilembo za Braille. Mphunzitsi ameneyu ndiye muyeso wathu m'pepala lonseli.

2.0 Diso ndi pakamwa

Tisanapite patali tisiyanitse ntchito ziwiri zimene anthu ambiri amazisakaniza. Yoyamba ndi ya pulogalamu yozindikira zilembo, imene amisiri amaitchula mwachidule kuti OCR. Iyo imalandira chithunzi cha tsamba kuchokera ku sikana kapena kamera, n'kusandutsa madontho a inki kukhala zilembo zimene kompyuta ingazisunge ndi kuzisanthula. Yachiwiri ndi ya pulogalamu yolankhula, monga NVDA ndi JAWS pa kompyuta kapena TalkBack pa foni, imene imatchula mokweza zimene zili pa sikirini. Yoyambayo ndi diso, yachiwiriyo ndi pakamwa. Pakamwa pamangotchula zimene diso lapereka, ndipo ngati tsamba labwera ngati chithunzi chabe, monga amachitira aphunzitsi akajambula masamba n'kutumizirana pa WhatsApp, pulogalamu yolankhula imangokhala chete.

Luso limeneli si lachilendo kwa osaona. Iwo ndiwo anali m'gulu la oyamba kulifuna. Makina a Ray Kurzweil, amene anaonetsedwa ku America mu 1976 mothandizana ndi bungwe la National Federation of the Blind, analumikiza sikana, kuzindikira zilembo ndi mawu opangidwa ndi makina m'chipangizo chimodzi chachikulu ndi chodula kwambiri. Kwathu kuno maphunziro a osaona ndi akale kuposa pamenepo. Sukulu ya ku Magwero, pafupi ndi Chipata, inayamba mu 1905 ndi ntchito ya Issie Hofmeyr wa mishoni ya Dutch Reformed Church, ndipo ku Malawi kuli sukulu monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje. Koma njira ya sukulu zimenezi yakhala ya Braille, ndipo mabuku a Braille m'zilankhulo zathu ndi ochepa, olemera ndi ochedwa kufika. Apa ndiye pagona phindu la foni yokhala ndi kamera.

3.0 Chifukwa chake 99 pa 100 ndi wosakwanira

Wopanga pulogalamu akanena kuti imazindikira zilembo 99 mwa 100 zilizonse, wogula amaganiza kuti vuto latha. Tiyeni tiwerengere. Tsamba la zilembo 2,000 lidzakhala ndi zolakwa 20. Ngati liwu lili ndi zilembo zisanu, mawu pafupifupi 5 mwa 100 adzakhala ndi chilema. Ngati lili ndi zilembo khumi, mawu olumala adzayandikira 10 mwa 100. Chinyanja chimalemba mneni ndi aphatikiri ake onse ngati liwu limodzi, kotero kuti mawu onga akadzakuuzaninso kapena sitinawaphunzitsebe ndi a masiku onse. Choncho pa muyeso womwewo wa zilembo, mawu athu amavulala ochuluka kuposa a Chingerezi. Tikumbukirenso kuti ziwerengero zoterezi kawirikawiri zimachokera pa masamba oyera a Chingerezi, osati pa buku la sukulu limene lagwidwa ndi manja a ana kwa zaka zisanu, kapena pepala la mayeso limene lakopedwa kuchokera pa kope linzake.

Koma vuto lenileni si limeneli. Vuto ndi lakuti m'Chinyanja tanthauzo lalikulu limasenzedwa ndi tizilembo tating'ono, ndipo tizilembo timeneti ndi tomwe diso la makina limasokoneza. Taonani zitsanzo izi:

(1) a. Mwana anadya nsima.
b. Mwana amadya nsima.

(2) a. Mlenje anaponya.
b. Mlenje anaphonya.

(3) a. Amfumu anagula chikopa cha ng'oma.
b. Amfumu anagula chikopa cha ngoma.

Mu (1) kusiyana kwa n ndi m ndi kamwendo kamodzi ka inki, koma kamwendo kameneka kasintha nthawi ya mneni kuchoka pa zimene zinachitika kupita pa zachizolowezi. Mu (2) h akasowa, mlenje amene analephera kulasa wasanduka woti anangoponya. Mu (3) nkhodolero yokha ndiyo ikusiyanitsa choimbira ndi nyama ya m'tchire, ndipo m'chigwa cha Luangwa, kumene ngoma n'zodziwika, ziganizo zonse ziwiri n'zomveka. Chochititsa mantha pa zitsanzo zitatuzi n'chakuti palibe chiganizo cholakwika pa malamulo a chilankhulo. Woona akakayika amabwerera pa pepala n'kuyang'anitsitsa. Wosaona alibe pepala lobwererapo. Chimene makina amupatsa ndicho buku lake. Mphunzitsi wathu wa ku Chifunda akafunsa ana nthawi ya mneni mu (1), adzawapatsa cholakwa ana amene ayankha bwino.

Nkhodolero ifunika kuikhalira pansi. M'Chingerezi imapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ikasowa tanthauzo silitayika kawirikawiri. Kwa ife ili ndi ntchito ziwiri zosiyana: ndi gawo la chilembo mu ng', monga mu ng'ombe ndi ng'ona, komanso imasonyeza kuti lembo la liwu lagwa, monga mu m'nyumba ndi n'kosatheka. Mapulogalamu ambiri amayamba ayeretsa chithunzi pochotsa timadontho timene amatiyesa fumbi, ndipo nkhodolero yosindikizidwa mofooka imapita limodzi ndi fumbilo. Ena amaiona koma amaiyesa chizindikiro chotsegulira mawu a mwini, n'kudula liwu pawiri. Pamenepo pulogalamu yolankhula imatchula m payekha monga dzina la chilembo, kenaka n'kunena nyumba. Cholakwa chachiwirichi n'chonyansa kumva, koma ife tikuti n'chabwinoko, pakuti womvera amadziwa kuti pali china chavuta.

Chilembo cha ŵ chili ndi mbiri yakeyake. Chakhala chikulowa ndi kutuluka m'malamulo a kalembedwe a ku Malawi, ndipo olemba ambiri a Chichewa anachisiya, koma chikupezekabe m'mabuku akale ndi m'mayina monga Malaŵi. M'Chitumbuka ndi chamoyo ndithu, pakuti chili mu mphatikiri wa gulu la anthu, monga mu ŵanthu ndi ŵana. Motero amene akulemba kapena kuwerenga zilankhulo za kumpoto kwa chigawo cha Kum'mawa sangachinyalanyaze. Pulogalamu imene sinaphunzitsidwe chilembochi imalemba w wamba kapena chizindikiro china chosadziwika. Chodabwitsa n'chakuti ku Ulaya kuli chilankhulo chimene chimachigwiritsa ntchito, cha ku Wales, ndipo mwayi umenewu tiubwereranso m'munsimu.

Pomaliza pali kalembedwe kawiri. Malamulo amene Unduna wa Zamaphunziro wa Zambia unavomereza mu 1977 amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch: Cinyanja, caka, cifukwa. Buku Lopatulika la 1922 nalonso m'masindikizo ake akale limalemba c. (M'pepala lino tatsata ch, koma mabuku a m'manja mwa mphunzitsi wa ku Chifunda ndi a c.) Pa makina, c ndi e ndi zilembo zosokonezeka msanga inki ikafalikira. Ndiponso chida chilichonse chimene chinaphunzira Chichewa cha pa intaneti, chimene chambiri chake n'cha ku Malawi, chikhoza kukokera mawu a ku Zambia ku kalembedwe kamene mwana adzalakwa nako pa mayeso a dziko lake.

4.0 Mtanthauziramawu wa eni ake

Mapulogalamu ozindikira zilembo sadalira maonekedwe a chilembo okha. Akakayika amafunsa mndandanda wa mawu kapena chizolowezi cha chilankhulo chimene anaphunzitsidwa, n'kusankha chimene chikuoneka chotheka. Pa Chingerezi njira imeneyi imachepetsa zolakwa kwambiri. Pa tsamba la Chinyanja lowerengedwa ngati Chingerezi imachita zosiyana: ana akhoza kusanduka and, thumba n'kutaya a wake wotsiriza. Mlangizi amene sadziwa chilankhulo chako koma ali wotsimikiza mtima ndi woopsa kuposa kusowa mlangizi.

Tsono funso loyamba kwa pulogalamu iliyonse likhale ili: kodi ikudziwa Chinyanja, ndipo ngati siikudziwa, kodi imalola kuzimitsa mtanthauziramawu wake? Mayankho ndi osiyanasiyana. NVDA, imene Michael Curran anaiyamba ku Australia mu 2006 ndipo ndi yaulere, yakhala ndi njira yozindikira zilembo kuyambira 2017, koma imabwereka luso la Windows, limene zilankhulo zake n'zochepa ndipo Chinyanja mulibe. N'njabwino powerenga msanga kachidutswa ka pa sikirini, osati buku. ABBYY FineReader, yomwe ndi yogula, ili ndi Chinyanja ndi Chibemba pa mndandanda wa zilankhulo zimene imadziwa zilembo zake popanda mtanthauziramawu. Ena angaone ichi ngati kupereŵera. Ife tikuchiona ngati ubwino, malinga ndi zimene tanena. Tesseract inapangidwa ku Hewlett-Packard pakati pa 1985 ndi 1994, inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2005, ndipo kuyambira mtundu wake wachinayi wa 2018 imawerenga mzere wonse m'malo mwa chilembo chimodzichimodzi. Pa zilankhulo zake zoposa 100 pali Chiswahili koma palibe Chinyanja. Komabe imalola kuphatikiza zilankhulo ziwiri pa tsamba limodzi, kotero munthu akhoza kuyesa Chiswahili, chimene maphatikizo ake amafanana ndi athu, pamodzi ndi cha ku Wales chifukwa cha ŵ uja. Ili ndinso chitsanzo cha zilembo za Chilatini chosatsamira chilankhulo chimodzi. Imagwira ntchito popanda intaneti ndipo imapezeka m'kati mwa mapulogalamu aulere a sikana monga NAPS2.

Kodi bwanji osangopanga mndandanda wa mawu a Chinyanja n'kuupereka kwa makina? Wophunzira aliyense wa kapangidwe ka mawu akudziwa yankho. Tsinde limodzi la mneni, likalandira agwirizanitsi a magulu onse a mayina, nthawi, kukana ndi misintho ya aneni, limabala mawu zikwizikwi. Mndandanda sungawamalize, ndipo liwu lililonse losowamo makina adzalikayikira ngakhale aliona bwino. Chimene chingathandize ndi chitsanzo chophunzira mmene zilembo zimatsatirana: kuti liwu lathu limathera ndi lembo la liwu, kuti nkh, mph ndi nth ndi magulu a masiku onse, kuti rn sapezeka.

Pa mafoni pali Seeing AI ya Microsoft, imene inatuluka mu 2017 ndi kufika pa Android mu 2023, ndi Lookout ya Google ya 2019. Ubwino wake waukulu ndi wakuti inapangidwira osaona: imamuuza munthu ndi mawu kuti asunthire kuti kamera mpaka m'mphepete monse mwa pepala muoneke. Ubwino umenewu si wochepa, pakuti pulogalamu yanzeru imene mwini wake sangathe kuiloza pa tsamba popanda womugwira dzanja yamubwezera ku ukapolo umene amathawa. Koma zina mwa ntchito zake zimafuna intaneti, ndipo wosankha ayese pulogalamu iliyonse foni itachotsedwa pa netiweki asanaikhulupirire.

Mtundu watsopano ndi wa zida zimene zimafotokoza chithunzi m'ziganizo zakezake, monga Be My AI imene inawonjezedwa ku Be My Eyes mu 2023. Izi zathandiza osaona ambiri kudziwa zimene zili patsogolo pawo, ndipo sitikuzinyoza. Koma pa kuwerenga buku la chilankhulo tiyenera kuchenjera nazo kuposa zina zonse. Chibadwa chake ndi kutulutsa mawu osalala. Pamene inki yafufutika, chida chakale chimalemba zizindikiro zopanda tanthauzo, womvera n'kudziwa kuti apa pali dzenje. Chida chatsopano chikhoza kukwirira dzenjelo ndi liwu lomveka bwino limene wolemba sanalembe. Chikhozanso kukonza kalembedwe kakale, kapena kuwongola chiganizo chimene wolemba mayeso anachilakwitsa dala kuti ana achikonze. Tisaiwalenso kuti pepala la mayeso kapena kalata ya kuchipatala ikajambulidwa ndi chida chotere imatumizidwa ku makompyuta a kunja kwa dziko.

5.0 Pakamwa pamene sipadziwa chilankhulo

Ngakhale diso litaona zonse molondola, pakamwa pakhoza kuwononga. Mawu a makina a Chingerezi amatchula ph ngati f, kotero phiri limamveka firi. Amatchula th molumira lilime. Amameza e wotsiriza, kotero wake, make ndi take, amene kwa ife ndi mawu aumwini, amatuluka ngati aneni a Chingerezi. Wosaona wozolowera amaphunzira kumasulira chibwibwi chimenechi m'mutu mwake, ndipo luso lake limadabwitsa, koma amalipira: satha kusiyanitsa msanga cholakwa cha diso ndi cha pakamwa. Mawu a Chiswahili, amene ali mu eSpeak NG yobwera pamodzi ndi NVDA, ndi abwinoko, popeza malembo a liwu ndi asanu omwewo ndipo ng' amamudziwa. Amapunthwa pa th ndi kh, amene m'Chiswahili amaimira mamvekedwe ochokera ku Chiarabu. Za kukweza ndi kutsitsa mawu, kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, palibe makina angakuone pa pepala pamene ife eni sitikulemba.

Njira yotsimikizira ndi kuyenda chilembo ndi chilembo, zimene zimatheka koma zimadya nthawi, kapena kuwerenga ndi zala pa chipangizo chotulutsa Braille monga Orbit Reader 20. Pofika 2023 NVDA inali italandira, kudzera mu Liblouis, ndondomeko ya Braille ya Chichewa cha ku Malawi. Kwa mphunzitsi wa chilankhulo, amene ntchito yake ndi kalembedwe komweko, ife tikuona kuti ndalama zochepa zikapezeka zipite ku chipangizo cha Braille msanga kuposa ku pulogalamu yodula yozindikira zilembo.

6.0 Kayesedwe

Sukulu kapena bungwe lisanagule kapena kulangiza, liyese lokha, ndipo woyesa akhale wosaona, pa foni ndi kompyuta zimene adzagwiritse ntchito. Masamba oyesera asakhale osankhidwa chifukwa cha kuyera: likhalepo la buku la sukulu la kalembedwe ka c, la buku lakale lokhala ndi ŵ, pepala la mayeso lokopedwa, ndi tsamba lokhala ndi tebulo la magulu a mayina, pakuti pulogalamu imene imawerenga tebulo mopingasa pamene liyenera kutsika imasakaniza dzina ndi mgwirizanitsi wa gulu lina ngakhale chilembo chilichonse chili cholondola. Pogwiritsa ntchito sikana, madontho 300 pa inchi ndiwo muyeso wozolowereka. Kenaka woona ndi wosaona akhale pamodzi, agawe zolakwa pawiri: zimene wosaonayo anazimva yekha, ndi zimene zinamudutsa chifukwa zinabala liwu lina lenileni. Gulu lachiwirili ndilo liweruze. Aonenso ngati liwu lodulidwa kumapeto kwa mzere likulumikizidwanso, popeza aneni athu ataliatali amadulidwa kawirikawiri.

Gawo lotsala ndi lathu a m'madipatimenti a zilankhulo. Tesseract imatheka kuiphunzitsa chilankhulo chatsopano poipatsa zithunzi za mizere ya m'mabuku pamodzi ndi mizere yomweyo yolembedwa molondola ndi munthu. Ntchito imeneyi siifuna makina odula. Imafuna anthu odziwa kusiyana kwa ng ndi ng', ndipo ophunzira athu a chaka chachitatu amakudziwa. Dipatimenti ya zilankhulo ya pa Yunivesite ya Zambia, Centre for Language Studies ya ku Zomba imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ndi makoleji a maphunziro apadera, ZAMISE ku Lusaka ndi Montfort ku Chiradzulu, ali ndi zonse zofunika atagawana ntchito. Za umwini wa mabuku, pangano la ku Marrakesh la 2013, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016, linatsegula njira yoti mabuku azisandutsidwa kuti osaona awerenge ndi kuwoloka malire a mayiko amene analilowa. Chosamala n'chakuti mizere yophunzitsirayo ichokere mbali zonse ziwiri za malire, ya c ndi ya ch, ndipo ilembedwe monga ilili pa tsamba, popanda wolemba kukonza chimene akuchiyesa cholakwa. Mizere ya Chitumbuka ndi Chisenga ilowemonso kuyambira pachiyambi, kuti ŵ asadzakhale mlendo kwa makinawo.